KIYI MMODZI WA MAKOMO ONSE

Munthu akalemba kalata kwa mbale wace wa kutali amaipinda, naiika m'emvulopu, namata pakamwa pace. Satero cifukwa mau ace ali oipa iai. Kapena alikuuza mkazi wace kumene anabisa ndalama za feteleza. Kapena alikufunsa mkuru wace za nthenda imene acita nayo manyazi kuichula pabwalo. Kapena alikudandaula za mwana wosamvera. Mau otere ali ndi mwini wace, ndipo wonyamula kalata, angakhale adziwa nyumba imene yacokera ndi nyumba imene irikupita, alibe gawo pa zolembedwa m'katimo. Masiku ano makalata athu ambiri sayendanso ndi positi. Ayenda pa foni ndi pa intaneti. Koma funso lakale lija likalipobe: ndani ali ndi mphamvu yakumatula kalata ya mwini? M'caka ca 2025 funso ili linautsa mlandu waukuru m'dziko la Britain, pakati pa Boma ndi kampani ya ku America yopanga mafoni, dzina lace Apple. Mwezi uno tifuna kuuyala mlanduwo pamaso pa owerenga athu, ndi kuuyesa monga akuru ayesa mlandu pabwalo, kumva mbali iyi ndi inzace, ndi kunena poyera pamene ife tiima.

Loko wa Masamu

Poyamba tidziwe cinthu cimene alikulimbirana. Anthu anzeru za masamu anapeza njira yakusokoneza zilembo za uthenga, kotero kuti munthu wouona uli m'njira aona zilembo zopanda tanthauzo, ngati nyemba ndi mcenga zosakanizika m'licero. Foni ya wotumiza ndiyo imakhoma uthengawo, ndipo foni ya wolandira yokha iri ndi kiyi wakuutsegula. Kiyiyo si wacitsulo. Ndi nambala yaitali ndithu, yakuti ngakhale makompyuta amphamvu atayesa kuilota angathe zaka zosawerengeka osaipeza. WhatsApp, amene ambiri a inu mulankhula naye ndi ana anu a ku Johannesburg ndi ku London, anayamba kukhoma mauthenga onse motere m'caka ca 2016. Kampaniyo ikhala ngati wamtengatenga wosenza bokosi lokhoma: adziwa amene anamtuma ndi amene adzalandira, adziwanso tsiku ndi ora, koma za m'kati sazidziwa.

Tsono foni imatayika, imabedwa, imagwa m'madzi. Cifukwa cace makampani anamanga nkhokwe, ndizo nyumba zazikuru zodzala ndi makompyuta, kumene munthu akhoza kusungitsa zithunzi zace, zolemba zace ndi maina a abwenzi ace, kuti akagula foni yina azipezenso. Nkhokwe ya Apple dzina lace ndi iCloud. Kale kampaniyo inkasunga kiyi wace wa zambiri za m'nkhokwemo, ndipo apolisi akadza ndi cilolezo ca woweruza inkatsegula niwapatsa. Koma mu December 2022 inaonjeza loko wina, dzina lace Advanced Data Protection. Munthu akasankha loko ameneyu kiyi akhala ndi iye yekha. Apple yomwe singathe kutsegula, ngakhale woweruza atalamula, pakuti iribe cotsegulira.

Cimene Boma Linacita

M'caka ca 2016 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inaika lamulo la Investigatory Powers Act. Lamuloli lipatsa nduna yoona za m'dziko mphamvu yakuuza kampani kuti ikonze makina ace kotero kuti ikhoze kutsegula zobisika pamene Boma lizifuna. Liletsanso kampaniyo kuuza munthu ali yense kuti yalandira lamulo lotere. Mu January 2025, pamene nduna inali Yvette Cooper, kalata yotere inapita kwa Apple. Anthu sakadadziwa kanthu, koma pa 7 February nyuzipepala ya ku America, Washington Post, inaulula nkhaniyo, ninena kuti Boma lifuna njira yakulowera m'zosungidwa za anthu a maiko onse, si a ku Britain okha. Boma linakana kubvomera kapena kutsutsa.

Pa 21 February Apple inacotsa loko uja m'dziko la Britain: ogula atsopano sanathenso kumsankha, ndipo amene anali naye kale anauzidwa kuti adzayenera kumcotsa. Kampaniyo inati sinapangepo khomo lakuseri kapena kiyi wotsegula zonse, ndipo sidzapanga. Inakasumanso ku bwalo loyang'anira nchito za azondi, dzina lace Investigatory Powers Tribunal. Mu March bwalolo linakhala zitseko zotseka, ndipo Boma linapempha kuti ngakhale dzina la mlandu ndi eni ace abisike. Koma pa 7 April oweruza anakana pempholo. Mu August Tulsi Gabbard, amene anali mkuru wa azondi a ku America, analengeza kuti Britain yabvomera kuleka kufuna zosungidwa za anthu a ku America. Ndipo mu October nyuzipepala ya Financial Times inalemba kuti Boma latumizanso kalata yina, yofuna zosungidwa za anthu a ku Britain okha. Umo ndimo mlandu unayendera m'caka cimeneco.

Timve Mau a Boma

Woweruza womva mbali imodzi yokha sayenera mpando wace, motero timve bwino cimene Boma linena. Mu March 2017 munthu wina anapha anthu 5 pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ku Westminster, ndipo kunadziwika kuti anatumiza uthenga pa WhatsApp kutatsala mphindi zowerengeka. Nduna ya nthawiyo, Amber Rudd, inadandaula kuti sipayenera kukhala malo pamene zigawenga zilankhulana apolisi osatha kumva. Alikonso anthu oipitsitsa amene acitira ana zonyansa, najambula zithunzi, nazisunga m'nkhokwe zokhoma. Kholo liri lonse likamva ici mtima uwawa, ndipo ife sitiseka konse nkhawa yotere.

Boma litinso: kuyambira kale palibe nyumba imene apolisi sangalowe ali ndi cilolezo ca woweruza, nanga foni ikhale bwanji yopatulika koposa nyumba? Linenanso kuti kalata ya nduna siigwira nchito kufikira woweruza wina ataibvomereza, ndipo kutsegula zosungidwa za munthu mmodzi kufunanso cilolezo cace. Mau awa ali ndi kulemera kwace. Koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Tikawasenda tipeza zirema zinai.

Cirema Coyamba: Kiyi Sadziwa Dzanja

Fanizo la nyumba lisokeretsa. Apolisi akathyola citseko ca wakuba, zitseko za anansi ace zikhala zolimba monga kale. Koma cimene Boma lifuna kwa Apple cifanana ndi ici: mfumu iitane mmisiri wa maloko, nimuuze kuti maloko onse a m'mudzi awapange otseguka ndi kiyi mmodzi, kiyiyo akhale kwa mfumu. Tinene kuti mfumuyo ndi yolungama, yosasirira ca mwini. Nanga mphwace wogona m'nyumba momwemo? Nanga nyakwawa imene idzatumidwa ndi kiyiyo? Nanga mfumu imene idzalowa m'malo mwace? Nanga mbala imene idzamva kuti m'nyumba yakuti muli kiyi wa nkhokwe zonse? Loko sazindikira nkhope. Atseguka kwa ali yense wogwira kiyi.

Izi si zongoganizira, pakuti zinacitika kale. Ku America oyang'ana katundu pa mabwalo a ndege anapangitsa maloko a masutikesi amene iwo akhoza kutsegula ndi makiyi ao apadera. M'caka ca 2014 cithunzi ca makiyiwo cinaturuka m'nyuzipepala, ndipo m'caka ca 2015 anthu anayang'anitsitsa mano ace pa zithunzi, napanga makiyi ofanana, nafalitsa mapangidwe ace pa intaneti kuti ali yense atengere. Ku Greece, m'zaka za 2004 ndi 2005, anthu osadziwika analowa m'makina a kampani ya mafoni, nagwiritsa nchito cipangizo cimene cinaikidwa kuti apolisi azimvera naco zigawenga. Anamvera mafoni oposa 100, pamodzi ndi foni ya nduna yaikuru, Kostas Karamanlis.

Cacikuru koposa cinaoneka ku America. Lamulo la m'caka ca 1994 linakakamiza makampani a mafoni kukonza makina ao kuti apolisi azitha kumvera. Mu October 2024 kunamveka kuti gulu la akuba a pa intaneti, limene analipatsa dzina la Salt Typhoon, linalowa m'makampani akuru monga AT&T ndi Verizon, nilifika ku makina omwewo akumvera. Boma la America linati akubawo anatumidwa ndi China, China nikana. Pofika kumapeto a caka makampani olowedwa anakwana 9. Ndipo taonani cimene akuru a citetezo a ku America anacita mu December 2024: analangiza anthu ao kuti azitumiza mauthenga okhoma ndi loko wa masamu uja. Patangopita mwezi umodzi Boma la Britain linalamula kuti loko wa mtundu womwewo afooketsedwe. Wina alikupfuula kuti tsekani zitseko, fisi ali m'mudzi. Mnzace alikuuza mmisiri kuti azule mpiringidzo.

Kapena wina adzati, Boma la Britain ndi losamala, silingataye kiyi. Koma mu February 2022 munthu wa nchito mu unduna wa nkhondo wa dziko lomwelo anatumiza molakwa mndandanda wa maina a anthu a ku Afghanistan pafupifupi 19,000, amene anapempha kuthawira ku Britain cifukwa anathandizana ndi asilikari ace. Moyo wa anthuwo unakhala pangozi, ndipo Boma silinadziwe kanthu kufikira August 2023, pamene ena a mainawo anaoneka pa Facebook. Kuno kwathunso, mu February 2024, a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko la Malawi, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makina opangira mapasipoti nafuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. Sitinena izi kunyoza Boma liri lonse. Tingoti a m'Boma ndi anthu, ndipo munthu amaiwala, amalakwa, amanyengeka.

Cirema Caciwiri: Ena Adzafunanso

Apple igulitsa mafoni m'maiko ambiri. Ikapangira Britain kiyi, idzakana bwanji maboma ena akadza ndi malamulo ao, nati, Ifenso tiri ndi zigawenga? Ndipo m'maiko ena cigawenga ndi munthu wolemba nkhani, kapena wotsutsa mtsogoleri, kapena wosonkhana ndi anzace kupemphera mwa njira imene Boma siliifuna. Russia inayesa kale: inauza kampani ya Telegram kuti ipereke makiyi, ndipo itakana inatsekedwa m'dzikomo kuyambira 2018 kufikira 2020. Munthu wina wa ku Russia, dzina lace Podchasov, anakasuma ku bwalo la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ndipo mu February 2024 bwalolo linaweruza kuti lamulo lofooketsa loko wa anthu onse pofuna kugwira owerengeka lipyola muyeso, nililakwira ufulu wa munthu pa zinsinsi zace. Britain iri pansi pa bwalo lomwelo, ndipo cimene cinaipa m'manja a Russia sicisanduka cabwino cifukwa cagwidwa ndi manja ena.

Dziko la Britain likadayenera kukumbukira mbiri yace. M'caka ca 1844 munali mu London munthu wa ku Italy, Giuseppe Mazzini, wothawa kwao cifukwa cakufuna ufulu wa dziko lace. Iye anaganiza kuti makalata ace alikumatulidwa ku positi. Tsono anayamba kuika timbeu tating'ono ndi mcenga m'maemvulopu, ndipo makalata akafika timbeuto tinali titasowa. Kunadziwika kuti nduna yoona za m'dziko, Sir James Graham, inalamula kuti makalatawo aziwerengedwa, ndi kuti zina za m'menemo zinauzidwa Boma la Austria. Mu July caka comweco abale awiri a banja la Bandiera, abwenzi a Mazzini, anaomberedwa ku Italy, ndipo anthu ambiri a ku Britain anakhulupirira kuti kumatula makalata kuja kunathandiza kuwapereka. Kunali mkwiyo waukuru m'dziko lonse, ndipo Nyumba ya Malamulo inaika akuru ofufuza nkhaniyo. Mpando wa Graham ndi womwewo umene unalemba kalata kwa Apple patapita zaka 181. Graham anamatula makalata a anthu owerengeka, ndi manja, imodzi imodzi. Makina a lero akhoza kumatula a mtundu wonse usiku umodzi.

Cirema Cacitatu: Mlandu wa M'cipinda

Ciripo cinsinsi cimene Boma liyenera kusunga. Mlenje sauza nyama kumene wachera msampha, ndipo apolisi sangalengeze dzina la munthu amene alikumlonda. Koma kusintha maloko a anthu onse ndi nkhani ya mudzi wonse, yoyenera kukambidwa pabwalo dzuwa likuwala. Pa mlandu uwu anthu a ku Britain anamva za nkhokwe zao kucokera m'nyuzipepala ya dziko lina. Aphungu ao anafunsa, nduna nizikana kuyankha. Kampani inaletsedwa kunena cifukwa cimene inacotsera loko. Boma linafuna kuti ngakhale kukhalapo kwa mlandu kubisike, ndipo tiyamika oweruza aja amene anakana. Munthu amene afuna kuona za m'thumba la ali yense, koma iye mwini abisa ngakhale dzanja limene alikupisa nalo, asadabwe anthu akamkayika.

Tionenso cimene cinabweza Boma m'mbuyo. Sanali mau a eni dziko, koma mphamvu ya America, imene inaimira anthu ace okha. Nanga anthu a maiko ang'ono, opanda mkuru woopsa wakuwanenera, akadatani lamulo loyamba lija likadakhazikika? Mlimi wa ku Dedza kapena mphunzitsi wa ku Chipata sasankha aphungu a ku London. Koma zosungidwa zace zikadakhala pansi pa kiyi wa nduna imene sanaimvepo dzina. Ulamuliro wotere, wofika kumene mwini wace sayankha mlandu, ife tiuyesa wosalungama.

Cirema Cacinai: Ukonde Ugwira Matemba

Nzeru ya masamu ija siiri m'manja a Apple yokha. Yalembedwa m'mabuku, iphunzitsidwa m'masukulu akuru, ndipo zipangizo zokhomera zipezeka kwaulere pa intaneti. Cigawenga cocenjera cikamva kuti nkhokwe yakuti iri ndi khomo lakuseri cingosamukira kwina, kapena cikhoma zinthu zace ndi loko wace cisanazisungitse. Otsala m'nkhokwe yofooka ndi anthu wamba: namwino, wogulitsa m'sitolo, nkhalamba yosunga zithunzi za adzukulu. Ukonde wotere ugwira matemba, ng'ona niipyola. Ndipo cipatso cooneka ca lamulo lija m'caka ca 2025 cinali ici, kuti anthu a ku Britain analandidwa loko amene anthu a maiko ena anakhala naye.

Apolisi sali opanda njira zina. Mu December 2015 anthu 14 anaphedwa ku San Bernardino, ku America, ndipo apolisi a FBI anakakamiza Apple pabwalo kuti itsegule foni ya wakuphayo. Apple inakana; ndipo mu March 2016 apolisiwo anaitsegula foni imodziyo ndi thandizo la amisiri ena, nauleka mlandu. M'caka ca 2020 apolisi a ku France analowa m'makina a EncroChat, mafoni apadera amene ogulitsa mankhwala oledzeretsa anawakonda, ndipo ku Britain kokha anagwidwa anthu 746 pa nthawi yoyamba. Nchito yotere ndi yobvuta, ifuna ndalama ndi anthu ophunzira. Koma ilondola wolakwa kumene ali, monga mlenje alondola mapazi a nyama imodzi osatentha dambo lonse pamodzi ndi minda ya anansi. Tibvomera kuti padzakhala milandu yina imene loko adzabisa umboni, ndipo ici ndi cowawa. Koma tikayesa pa muyeso, kuipa kwa zitseko zofooka m'nyumba zonse kulemera koposa.

Kodi Wosalakwa Aopanji?

Alipo ena amene amati, Ine ndiribe cobisa; afune aone. Munthu wonena comweco tamfunsani ngati bafa la kwao liribe mpanda. Tamfunsani ngati mau amene ankhoswe anena m'nyumba pokonza banja amawabwereza pa msika, kapena ngati zimene anamkungwi alangiza mwana zimalengezedwa pabwalo. Makolo athu anadziwa kuti ziripo nkhani za pabwalo, za m'nyumba, ndi za kumphepete kwa munda anthu awiri okha, ndipo munthu wosasiyanitsa izi anamuyesa wopanda mwambo. Cinsinsi ndi cobvala ca ulemu wa munthu.

Kumbukiraninso amene moyo wao utsamira pa loko ameneyu: mai wothawa mwamuna womenya, amene safuna kuti adziwike kumene agona, kalaliki woona akuru ace alikuba ndalama za mankhwala, nafuna kuuza wolemba nkhani, wodwala wolankhula ndi dokotala wace, wamalonda wotumiza ndalama. Amene anena kuti alibe cobisa alikupereka citseko ca anzace pamodzi ndi cace.

Apple Siiri Yoyera

Tisacoke pabwalo tisanaidzudzule mbali inzace. Pa mlandu uwu Apple inacita bwino kukana, ndipo inacita bwino kucotsa loko poyera koposa kumsiya wooneka wolimba ali wobooka kuseri. Koma kampani ndi wamalonda, ndipo kulimba mtima kwace kumatsata msika. Ku China, kumene igulitsa mafoni ambiri ndi kupangitsa ambiri, inagonja kawiri kawiri. M'caka ca 2017 inacotsa m'sitolo yace zipangizo za VPN, zimene zithandiza anthu kuzemba mpanda wa Boma pa intaneti. M'caka ca 2018 inasamutsira nkhokwe ya anthu a ku China m'manja a kampani ya m'cigawo ca Guizhou yogwirizana ndi Boma. Mu April 2024 inacotsa WhatsApp m'sitolo yace ya kumeneko, Boma litalamula. Motero ufulu wa munthu pa makalata ace suyenera kukhala mphatso ya kampani, yopatsidwa lero ndi kulandidwa mawa. Uyenera kulembedwa m'malamulo a dziko ndi kuchinjirizidwa ndi mabwalo osaopa munthu.

Nanga Ife?

Mafoni a Apple ndi a mtengo wapatali, ndipo ocepa a ife ali nao. Koma caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Lamulo limene lakhudza iCloud likhoza kukhudza WhatsApp, ndipo akuru a WhatsApp ndi a Signal ananena kale m'caka ca 2023 kuti kuli bwino acoke m'dziko la Britain koposa kufooketsa maloko ao. Maboma amaonerana macitidwe monga alimi aonerana mizere. Ku Zambia, mu April 2025, a Hakainde Hichilema anasaina lamulo la Cyber Security Act. A zamalamulo ndi olemba nkhani anadandaula kuti lipatsa Boma mphamvu yaikuru yakumvera mauthenga a anthu, Boma niliyankha kuti silidzamvera popanda cilolezo ca bwalo. Ku Malawi gawo 21 la malamulo akuru a dziko a m'caka ca 1994 linena kuti munthu ali yense ali ndi ufulu wakuti makalata ace ndi zolankhula zace za pa lamya zisasokonezedwe, ndipo m'caka ca 2024 kunaikidwa lamulo lakusamala mbiri za anthu zosungidwa m'makina. Mau a pa pepala akhala ndi mphamvu pamene eni dziko awadziwa.

Cifukwa cace, phungu wanu akadza kudzacititsa msonkhano, ndipo mwamva kuti kulikudza lamulo la mafoni, mfunseni mafunso atatu. Kodi lamulolo lilondola munthu mmodzi woganiziridwa, kapena litsegula za anthu onse? Kodi wopereka cilolezo ndi woweruza, kapena nduna yokha? Kodi anthu adzauzidwa caka ndi caka kuti mphamvuyo inagwira nchito kangati? Lamulo loyankha bwino mafunso awa likhoza kugwira oipa osabvula osalakwa.

Ndipo pamene tidzudzula maboma, tisasiye zitseko zathu zosatseka. Nambala ya zilembo 6 imene WhatsApp atumiza pa foni yanu ndiyo kiyi wanu. Musauze munthu, ngakhale atanena kuti ndi wa ku kampani kapena ndi mbale wanu. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni musailembe pa cikuto ca foniyo, musaichulenso mokweza kwa wogulitsa. Posiya foni kumene achajitsa, muikhome. Ngati musungitsa mauthenga anu a WhatsApp m'nkhokwe, pemphani mwana wodziwa akuthandizeni kuika loko wace, pakuti loko ameneyo alipo kuyambira 2021, koma sadziika yekha. Ndipo inu makolo, dziwani amene ana anu alankhula nao pa foni, muwaphunzitse kukuuzani msanga mlendo akayamba kuwapempha zithunzi. Pakuti mlonda woyamba wa mwana ndi kholo lace, ndipo palibe nduna ya kutali imene ingagwire nchito imeneyo m'malo mwanu.

Kuweruza kwathu ndi uku: Boma la Britain linafuna cinthu cabwino, ndico kugwira oipa, koma linasankha njira yoipa, niliyenda nayo mumdima. Oweruza amene anatsegula zitseko za bwalo anathandiza dziko lao koposa nduna imene inafuna kiyi. Mwezi wa mawa, tikakhala ndi moyo, tidzakamba za maboma amene atseka intaneti yonse pa nthawi ya masankho.